Siteshoni Yopanda Mlonda

Kwathu ndi kwa Katunga, m'boma la Chikwawa, m'chigwa cha mtsinje wa Shire. Kwathuko njanji siinafikeko n'kale lonse, ndipo ana ambiri a m'mudzi mwathu akula mpaka kumanga mabanja osaiona ndi maso ao sitima ya pamtunda. Tsono wina akhoza kudabwa kuti munthu wa kwa Katunga ali ndi chiyani chonena za siteshoni. Ndikupemphani, owerenga anzanga, kuti mundilezere mtima, pakuti nkhani imene ndifuna kukamba pano yandikhala pamtima zaka zoposa 20, ndipo ndikadapita nayo kumanda pakadapanda chithunzi chimodzi chimene mdzukulu wanga anandionetsa.

Chithunzi cha ku Japan

Mdzukulu wangayo, mwana wa mwana wanga wamkazi, anapita ku Japan kukaphunzira za ulimi wothirira, nakhalako zaka ziwiri. Atabwerako anadza kudzationa, ndipo madzulo ake, titatha kudya, tinakhala pakhonde, iye natulutsa foni yake kuti ationetse za kumene anali. Tinaona nyumba zazitali za ku Tokyo ndi misewu yodzaza anthu ngati nyerere, koma zimenezo sizinandikhudze mtima kwenikweni. Potsiriza panadza chithunzi china chosiyana ndi zinzake. Panali kansanja ka simenti m'mbali mwa njanji, kanyumba ka matabwa kokhala ndi benchi limodzi, pepala la nthawi za sitima lomatidwa pakhoma, ndi minda ya mpunga kumbuyo kwake. Pangodya panatsamira tsache, ndipo pakhomo panali maluwa obzalidwa m'miphika. Munthu panalibe ndi mmodzi yemwe.

"Apa ndi pati?" ndinafunsa motero.

"Apa, agogo, ndi pamene ndinkakwerera sitima m'mawa uliwonse popita kusukulu."

"Nanga mkulu wa siteshoni amakhala kuti?"

"Palibe mkulu wa siteshoni, agogo."

"Wogulitsa matikiti?"

"Palibenso."

"Mlonda?"

Mwanayo anaseka, nandifotokozera kayendetsedwe kake. Anati sitima ya kumeneko ndi yaifupi, ya bogi imodzi kapena ziwiri, ndipo wantchito ndi woyendetsa yekha. Munthu pokwera amatenga kapepala kolembedwa nambala yosonyeza pamene wakwerera, ndipo potsika amapita kutsogolo kumene kuli woyendetsa, naponya kapepalako pamodzi ndi ndalama m'bokosi. Tsache lija ndi maluwa aja ndi za anthu a m'mudzi, makamaka okalamba, amene amasinthana kusesa popanda malipiro. Pambuyo pake ndinadzadziwa kuti masiteshoni otere si ochepa ai. M'chaka cha 2020, mwa masiteshoni 9,465 a m'dzikomo, okwana 4,564 analibe wantchito wokhalapo, ndiko kunena pafupifupi theka.

Tsono ndinafunsa funso limene Mmalawi aliyense akadafunsa. "Kodi malata a dengalo sabedwa?"

"Angabe ndani, agogo, poti mawa lake iye mwini kapena mwana wake adzausa mvula pomwepo podikira sitima?"

Sindinayankhe. Maso anga anapita kukhola la ng'ombe, limene linali kuoneka pang'ono m'kuwala kwa mwezi. Pakhomo pa kholalo panaimirira zitsulo ziwiri zolemera, zimene aliyense m'mudzi ankaziyamikira kuti chiswe sichingazithe. Za zitsulo zimenezo ndinena bwino lino. Ndiyambe ndalongosola za kwathu, chifukwa nkhani ya malo osiyidwa ndi apaulendo si yachilendo kwa ife.

Katunga anali doko

Agogo anga aakazi ankatiuza kuti kale kwa Katunga kunali kotchuka kuposa Chikwawa yemwe. Ndili mwana ndinkayesa kuti ndi kudzitama kwa okalamba, koma nditaphunzira ndinapeza kuti ankanena zoona. David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire ndi sitima ya pamadzi m'chaka cha 1859, napeza kuti kumtunda kwa Chikwawa kuli mathithi amene sitima siingapitirire. Ndiwo amene lero timawatchula kuti Kapichira. Amakololo ena amene anadza naye anatsalira m'chigwa muno nasanduka mafumu, ndipo maina a Kasisi, Maseya ndi Katunga alipo kufikira lero.

Kampani ya African Lakes, imene anthu anaizolowera ndi dzina loti Mandala, itakhazikitsidwa m'chaka cha 1878, inafuna malo otsitsira katundu kumunsi kwa mathithiwo, ndipo kwa Katunga kunasanduka doko la Blantyre. Sitima zochokera ku Zambezi zinkakocheza pano. Mitolo ya nsalu, mchere, mikanda ndi zipangizo zomangira nyumba zinkatsitsidwa pagombe, atengatenga nazisenza pamutu kukwera nazo phiri mpaka ku Blantyre. Azungu a mishoni, amalonda ndi a Boma onse ankaponda dothi la kwa Katunga poyamba, asanaone dziko la kumapiri.

Koma Shire ndi mtsinje wosintha mtima. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 madzi ake anaphwera, mchenga nuunjikana, kotero kuti sitima zinayamba kulekezera ku Chiromo, kenaka ku Port Herald, kumene tsopano ndi Nsanje. Pamene anaganiza zomanga njanji sanaidzeretse kwathu. Anaiyala kuchokera ku Port Herald kudzera pa Chiromo, niikwera motsata mtsinje wa Ruo kupyola Luchenza, nifika ku Blantyre m'chaka cha 1908, mtunda wa mamailosi 113. Kuyambira pamenepo alendo analeka kudzera kwa Katunga. Nyumba zosungiramo katundu zinagwa, njerwa zake anthu anatola, ndipo lero mwana wa sukulu sangakulozereni pamene sitima zinkamangidwa. Agogo ankatsiriza nkhaniyi ndi mau akuti, "Doko silinafe ndi madzi okha, linafa tsiku limene anthu analeka kuyang'ana kumunsi kwa mtsinje." Tanthauzo lake sindinalimve kufikira nditakalamba inenso.

Pamene tinkatsikira

Atate anga anali mkamwini kwa Katunga. Kwao kunali kumunsi, m'mbali mwa njanji, pakati pa Bangula ndi Port Herald. M'chaka cha 1960, ndili ndi zaka 10, ananditenga kukaona amai ao. Tinakwera lole ya thonje kufikira ku Bangula, ndipo kumeneko ndinaiona koyamba sitima ya Nyasaland Railways, injini yake yamalasha ikufuka utsi ndi kupuma ngati chilombo chotopa. Ndinagwira dzanja la atate osalitaya mpaka titakhala pansi.

Pamene tinatsikira sipanali siteshoni yeniyeni monga ya ku Bangula. Panali chikwangwani, kamthunzi ka malata koimikidwa pa nsanamira zachitsulo, ndi mlambe waukulu. Dzina la malowo sindilitchula, kuti anthu a kumeneko asanyozedwe chifukwa cha zimene ndidzaulula patsogolo. Panalibe ofesi, panalibe belu, panalibe wantchito. Wokwerera pamenepo ankagula tikiti m'sitima momwemo kwa woona matikiti. Tsono mwaona kuti siteshoni yopanda mlonda si chinthu cha ku Japan kokha. Nafenso tinali nayo yathu.

Mwai unandibwezera komweko. M'chaka cha 1978, nditagwira ntchito yauphunzitsi m'malo angapo, ananditumiza kusukulu ina yoyandikana ndi kasiteshoni kameneka, ndipo ndinakhalako zaka 23. Pa zaka zonsezo ndinaudziwa moyo wa pamalopo monga munthu adziwira bwalo la pakhomo pake. Tsiku la sitima anthu ankayamba kusonkhana nthawi isanakwane. Amai ankadza ndi madengu a makakana ndi milamba youma, ena masawu, ena nzimbe, ena thobwa. Odwala ankabwera nao pa njinga kapena pa ngolo kuti akafike kuchipatala ku Nsanje. Ife aphunzitsi tinkakwerera pomwepo pakutha pa mwezi kupita kuboma, ndipo ana osankhidwa kupita kusekondale ankatsazikana ndi makolo ao patsinde pa mlambe uja, mabokosi ao ali pamutu. Anyamata ankagunditsa khutu panjanji kuti amve ngati sitima yayandikira, ndipo wamva woyamba ankafuula, anthu onse naimirira.

Sindifuna kunama kuti sitima yathu inkasunga nthawi monga ya ku Japan. Inkachedwa, nthawi zina theka la tsiku, m'dzuwa la Okutobala limene inu a kumapiri simulidziwa. Wina akayamba kudandaula, okalamba ankamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma ngakhale inkachedwa, inkabwera ndithu, ndipo aliyense ankadziwa kuti ibwera.

Chimene ndifuna kuti muchisunge ndi ichi. Pa zaka zonse zimene sitima inkaima pamenepo, sindinamvepo kuti munthu wazula lata limodzi pa kamthunzi kaja, ngakhale kuti nyumba zambiri za m'midzi yozungulira zinali zofolera ndi udzu. Panali mai wina wokalamba wogulitsa thobwa amene ankasesa malowo tsiku lililonse la sitima. Palibe anamulemba ntchito. Ndinamufunsa tsiku lina kuti, "Amai, kodi a njanji amakulipirani?" Iye anati, "Aphunzitsi, mlendo akatsika pano, amaona mudzi wathu. Nanga tim'landirire pa zinyalala?" Mwana akaponya mwala pachikwangwani, wamkulu aliyense wokhala pafupi ankamudzudzula ngati wake. Anthu anali osauka monga momwe alili lero, njala inkabwera, anthu nadya nyika za m'dambo, koma kamthunzi kanaima chiimire.

Sitima yocheperachepera

Njanji imeneyi inali njira yaikulu ya dziko lathu. Ulalo wa Dona Ana, wautali makilomita oposa 3 ndi theka, utatsegulidwa pa Zambezi m'chaka cha 1935, sitima inkachoka ku Blantyre kukafika ku Beira osatsitsa katundu panjira. Fodya, tiyi ndi thonje zinkatsika, mafuta ndi feteleza zinkakwera, ndipo amuna ambiri opita kukagwira ntchito ku Harare, pamene mzindawo unkatchedwa Salisbury, anadzera momwemo. Sitima zazitali za katunduzo sizinkaima pathu. Zinkangodutsa, ana nawerenga mabogi.

Njira yachiwiri, yochokera ku Nkaya kupita kudoko la Nacala, inatsegulidwa m'chaka cha 1970, nitenga gawo la katundu. Kenaka m'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira, ulalo wa Dona Ana nuonongeka. M'malo mwa mabogi a katundu tinaona anthu othawa nkhondo akulowa ndi mitolo pamutu, nachuluka m'boma la Nsanje kuposa eni dziko. Komabe sitima ya anthu yochokera ku Limbe inkafikabe kwathu, ndipo amai a madengu sanaleke kusonkhana.

Chimene chinatidula ndi madzi a m'chaka cha 1997. Shire anasefukira nakokolola mtumbira wa njanji pakati pa Makhanga ndi Bangula, pafupi ndi ulalo wa Chiromo, nasiya phompho la madzi limene anthu anayamba kuoloka pa bwato. Dzina la malowo ndi Mtayamoyo, ndipo amene anaolokapo madzi atadzaza adziwa kuti dzinalo silinama. Kuyambira pamenepo sitima yochokera ku Limbe inkabwererera pa Makhanga, mpaka madzi a mu Januwale 2015 anaononganso mbali imeneyo.

Poyamba sitinade nkhawa. Okalamba ankakumbukira kuti m'chaka cha 1948 zilumba za udzu woyandama zinagwetsa ulalo wa Chiromo, koma pofika 1950 wina watsopano unali utatsegulidwa. Tinati nazonso izi zikonzedwa. Chaka choyamba mai wa thobwa uja ankasesabe, ngakhale panalibe womugula. Chaka chachiwiri anadwala namwalira, udzu numera pakati pa njanji. Tsiku lina mphepo inasasula lata limodzi niligwetsa m'munda wa munthu, mwini mundayo nalitola, nati alikulisunga kuti lisaonongeke. Palibe anamutsutsa. Mwezi usanathe malata onse anali atasungidwa chomwecho. Zitatero zinatsata nsanamira, kenaka chikwangwani, kenaka mabauti omangira njanji, ndipo pomaliza zitsulo zimene njanji imagonerapo. Palibe tsiku limene mudzi unakhala pansi nugwirizana kuti tiphwasule siteshoni yathu. Aliyense anangoona kuti mnzake watenga, nati ndikachedwa nditsala wopanda kanthu.

Zitsulo ziwiri

Tsopano ndafika pa ine mwini. M'chaka cha 2001 ndinapuma pantchito, ndipo ndinali kulongedza kuti ndibwerere kwa Katunga. Ndi ndalama zanga zopumira ndinafuna kugula ng'ombe zingapo, ndipo ndinkadziwa kuti mitengo ya khola kwathu siikhalitsa chifukwa cha chiswe. Madzulo ena, kutayamba mdima, anyamata awiri anaimitsa ngolo kuseri kwa nyumba yanga. Pansi pa mapesi panali zitsulo ziwiri zogonerapo njanji. Mtengo umene ananena unali wa nkhuku ziwiri basi.

Mmodzi wa anyamatawo ndinam'phunzitsa ine ndemwe mu Sitandade 6. Ndinali nditam'langapo chifukwa chotenga choko cha sukulu, ndi kum'uza pamaso pa anzake kuti chinthu cha anthu onse chili ndi eni ambiri kuposa chinthu cha munthu mmodzi. Usiku umenewo anandiyang'ana mwamanyazi, akuyembekeza kuti ndim'kalipira. Pamene anaona kuti ndilikuzengereza, anati, "Aphunzitsi, sitima siibweranso. Mukapanda kugula inu, agula ena."

Ndinalowa m'nyumba ndi kutenga ndalama. Mumtima ndinadziuza zonse zimene munthu amadziuza pa nthawi yotere: kuti zitsulozo zazulidwa kale, kuti zikungodyedwa ndi dzimbiri, kuti za Boma zilibe mwini, kuti eni njanji ndiwo anayamba kutitaya. Popereka ndalamazo ndinaona nkhope ya mnyamata uja ikumasuka. Manyazi aja anachoka. Pa mphindi imeneyo ndinam'phunzitsa phunziro lina, lamphamvu kuposa onse amene ndinam'phunzitsa m'kalasi, ndipo ndikhulupirira kuti m'mawa mwake anauza anzake kuti ngakhale aphunzitsi agula.

Zitsulozo ndinadza nazo kwa Katunga pansi pa katundu wanga, ndi kuziimika pakhomo pa khola. Zinagwira ntchito yake bwino. Alendo akaziyamikira, ine ndinkasintha nkhani.

Kodi iwo ndi anthu ena?

Usiku umene mdzukulu wanga anandionetsa chithunzi chija sindinagone. Poyamba ndinafuna kudzitonthoza ndi maganizo akuti anthu a ku Japan ndi olemera, sasowa malata, ndipo analeredwa mwa mtundu wina. M'menemo muli choona pang'ono, pakuti umphawi umayesa munthu koopsa. Koma ndinakumbukira mai wa thobwa uja ndi tsache lake, ndi kamthunzi kamene kanaima zaka zambiri pakati pa anthu osauka popanda wokakhudza. Ife sitinali anthu ena pamenepo. Tinali ife tomwe.

Ndiponso njanji za kumidzi ku Japan zili ndi mavuto ake. Dziko limenelo linatsegula njanji yake yoyamba m'chaka cha 1872, pakati pa Tokyo ndi Yokohama, ndipo kutalikirana kwa zitsulo zake, mamilimita 1,067, n'chimodzimodzi ndi kwa njanji yathu. Lero achinyamata athawira m'mizinda, m'midzi mwatsala okalamba, ndipo ambiri amayenda pa galimoto. Ndicho chifukwa chake makampani anachotsa antchito m'masiteshoni aang'ono, ndipo okwera akachepa kwambiri amatseka siteshoniyo. Pa chilumba cha kumpoto cha Hokkaido panali siteshoni yotchedwa Kyu-Shirataki, imene m'zaka zake zomaliza wokwerapo masiku onse anali mtsikana mmodzi wa sukulu ya sekondale. Inatsekedwa mu Malichi 2016, mwezi womwewo umene mwanayo anatsiriza sukulu. Nkhaniyi inamveka m'maiko ambiri ngati kuti kampani inkadikira mwanayo, koma tiyenera kudziwa kuti ku Japan chaka cha sukulu chimatha mu Malichi, ndipo ndi mwezi womwewo umene makampani a njanji amasintha ndondomeko ya maulendo ao. Chimene chinandigwira mtima ine ndi china. Kufikira tsiku lomaliza sitima inkaima pa nthawi yolembedwa papepala, ndipo tsiku lotseka linalengezedwa poyera, anthu nadziwiratu.

Pamenepo ndipo ndinazindikira chimene chimasunga siteshoni yopanda mlonda. Pali pangano losalembedwa pakati pa mbali ziwiri. Eni sitima alonjeza kuti idzabwera, anthu nalonjeza kuti adzasamala malowo ndi kulipira ulendo wao ngakhale palibe wowaona. Mlonda weniweni ndiye chiyembekezo cha munthu aliyense kuti mawa adzaimanso pomwepo. Kwathu mbali yoyamba ya panganolo inaduka ndi madzi, ndipo sitinamve mau otiuza ngati tidikire kapena tileke. Tinakhala m'chikaiko, ndipo m'chikaiko ndimo mmene dzanja la munthu limayamba kuyabwa.

Koma ndikanena zimenezi sindilikudzichotsera mlandu. Ngati mbali imodzi ya pangano yaduka ndi tsoka, mbali inayo ikaduka ndi manja a anthu, wofuna kulumikiza amapeza ntchito yowirikiza. Madzi anaononga malo amodzi; ife tinaononga njira yonse, chitsulo chimodzi chimodzi. Bauti lililonse lomasulidwa linaonjeza mtengo wobwezera sitima, nilipatsa aliyense wozengereza chifukwa chonenera kuti kumeneko kulibenso njanji yokonza. Mnyamata uja anati sitima siibweranso, ndipo ine ndi ndalama zanga ndinathandiza kuti mau ake akhale oona.

Zimene ndinachita

M'mawa kutacha ndinaitana mdzukulu wanga, ndi kupita naye kukhola. Ndinam'uza zonse monga ndakuuzirani inu. Anakhudza chitsulo chimodzi ndi dzanja, nakhala chete kanthawi. Sanandinyoze, ndiponso sanandipepese. Anangofunsa kuti, "Tsono muchita nazo chiyani, agogo?" Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma sindinayembekeze kuti mlendoyo adzakhala mwana amene ndinam'nyamula ali wakhanda.

Panapita miyezi ndilikulimbana ndi funso limenelo. Chimene chinandifulumiza ndi uthenga umene tinamva pa wailesi mu Seputembala 2024, wakuti sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Beira yafika pa Marka, m'malire a dziko lathu, patapita zaka pafupifupi 40 njirayo ili chitsekere. Ntchito yomanganso njanji ya makilomita 72 kuchokera pa Marka kufika ku Bangula inali itayambika kale, ndipo njira imeneyo ndiyo idutsa pa mlambe uja. Ndinaganiza kuti ngati tsiku lina sitima ya anthu idzaimanso pamenepo, ine ndili moyo, ndidzaima bwanji pakati pa anthu okondwera, zitsulo zake zili pakhola panga?

Ndinaitana adzukulu anga aamuna, nazifukula. M'malo mwake tinaimika mitengo ya tsanya, imenenso chiswe sichiikonda, ndipo ndikadatha kutero kuyambira pachiyambi. Zitsulozo tinapita nazo pa ngolo kwa anyakwawa, masana dzuwa lili pamutu, kuti aliyense aone. Ndinafotokoza pamaso pa anthu kumene ndinazitenga, ndi kupempha kuti zisungidwe pabwalo kufikira titapeza galimoto yopita ku Bangula. Anyakwawa anaseka nati, "Aphunzitsi, zitsulo ziwiri zimanga njanji?" Ndinati, "Iai, mfumu, sizimanga. Koma ziwiri ziwiri ndimo mmene tinaiphwasulira." Ena anaseka nao, ena anawerama, pakuti kwa Katunga kulibe njanji koma kuli mijigo yopanda zogwirira, milatho yopanda zitsulo za m'mbali, ndi sukulu zopanda zitseko.

Kaya omanga njanji adzazifuna zitsulo zakalezo, kaya adzaziponya padzala, zimenezo ndi zao. Madzi akatayika saoleka, ndipo mnyamata uja sindingam'bwezere manyazi amene ndinam'chotsera. Tsopano ndi bambo wa ana. Ngati mau awa adzam'peza, adziwe kuti tsiku la choko lija ndinanena zoona, ndipo usiku wa ngolo uja ndinalakwa.

Kwa eni njanji ndi onse osunga zinthu za anthu ndinena kuti: mukalonjeza kuti sitima idzaima, iime, mukaona kuti simungathe, nenani poyera, pakuti anthu amapirira kuchedwa koma chikaiko chimawaononga. Kwa inu anzanga a m'chigwa muno, makamaka a m'mbali mwa njanji, ndinena kuti: akadzakuimikirani kamthunzi kena, musadzafunse kuti mlonda wake ndani. Padzafunika munthu mmodzi wodza ndi tsache, ndi wamkulu wodzudzula mwana woponya mwala, ndi mphunzitsi wotha kubweza ngolo imene yaima kuseri kwa nyumba yake usiku.

Chithunzi chija mdzukulu wanga anandisindikizira papepala, ndipo ndinachipachika pakhoma pafupi ndi zenera loyang'ana kukhola. Alendo amandifunsa chifukwa chake ndinasankha chithunzi chopanda munthu. Ndimawauza kuti ayang'anitsitse pangodya, pamene patsamira tsache.